Khomo Limene Yotamu Anagogoda

Linali Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ndipo banja la a Harawa linali pansi pa mtengo wa mango likudya mpunga wa chigwada. Bambo anali pa mpando wawo wa ndalema, mbale ili pamwendo. Mayi, NyaKumwenda, anakhala pamphasa chapatali pang'ono ndi mwana wawo Towera.

Towera ankadya mofulumira. Lachitatu lililonse masana, Noriko, namwino wa ku Japan amene anabwera kudzathandiza pa kachipatala ka kufupi ndi Chilumba, ankaphunzitsa chilankhulo cha kwawo pakhonde la nyumba yake. Ophunzira anali asanu okha. Mmodzi mwa iwo anali Yotamu, mlangizi wa mpunga pa sikimu ya Hara, kwawo ku Dowa. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano, Yotamu ankaperekeza Towera kuchokera pakhondepo mpaka pa mlatho wa ngalande, njinga akuikankha. Anali atagwirizana kuti nkhani yawo ifike kwa akuluakulu mpunga ukalowa m'nyumba.

Belu la njinga linalira kuseri kwa khola. Anali a Morton Kumwenda a ku Uraha, mlongo wake wa mayi. Towera anakawalandira njinga n'kubweretsa madzi osamba m'manja.

"Mwayenda ndi dzuwa, alamu," anatero a Harawa. "Kwagwanji ku Uraha?"

"Kulibe maliro," anayankha a Kumwenda. Anadya pang'ono, kenaka anakankhira mbale pambali. "Koma ndanyamula katundu wosakhala wanga. Dzulo kwanga kunafika alendo awiri, mnyamata wovala bwino ndi mdala wina wa ku Dowa, tambala ali kukhwapa. Anakhala pansi mwaulemu ndithu, n'kunena kuti abwera kudzafunsira mbeta. Ine ndinayang'ana ana anga. Wamkulu ali sitandade folo. Ndinati, mbeta yake iti?"

Mayi anaseka pang'ono. Towera sanaseke. Anasiya kudya.

"Akuti Towera," anapitiriza a Kumwenda. "Akuti ine ndine mwini mbumba."

"Mwini chiyani?"

"Mwini mbumba, alamu. Ndi mmene amanenera kwawoko. Ndinawauza kuti asochera, koma anali atakhala kale pakhonde, mudzi wonse ukuona, tambala akulira."

A Harawa anaika mbale pansi pang'onopang'ono. Anasamba m'manja, chala chimodzichimodzi, ngati munthu amene alibe kopita.

"NyaKumwenda," anatero ndi mawu otsika, "maliro anga munalira liti? Ine sindinamve."

"Musalankhule choncho, awisi Towera."

"Kapena ng'ombe zimene bambo anga anatumiza ku Uraha zinabwerera panjira? Mwana amakafunsiridwa kwa asibweni ake ngati bambo wake sanalowole. Lero Uraha yense akudziwa kuti Harawa anangotola mkazi."

"Munalowola, alamu, palibe angatsutse," anatero a Kumwenda. "N'chifukwa chake ndabwera ndekha musanamve kwa ena."

A Harawa anatembenukira kwa mwana wawo. "Ukumudziwa?"

"Eya, adada."

"Unamutuma ndiwe?"

"Ayi, adada. Sindinadziwe."

"Ndiye munthu amene sakuuza iweyo, sandiuza ine, akufuna kukwatira ndani pakhomo pano?" Anaimirira n'kutenga chipewa. "Buku la mzungu wako wa ku Japan lija ukabweze lero. Ukabweza ubwere. Dzina la mnyamata ameneyu ndisalimvenso."

* * *

Njira ya kwa Noriko inkatsata ngalande yaikulu mpaka pachigayo. Towera anayenda buku atalipanikiza pachifuwa, maso ali pansi. Sankadziwa chimene chinkamuwawa kwambiri, mawu a bambo ake kapena kuti Yotamu anakhala naye pa mlatho Lamlungu lomwe lapitali osatchula kanthu.

"NyaHarawa, ukudutsa ngati sitidziwana?"

Anali Manase, atatsamira khoma la chigayo, malaya ofiira a achinyamata a chipani ali pathupi. Bambo ake anali tcheyamani wa dera. Manase anali atamufunsira Towera kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera manja ali m'thumba.

"Khadi la chipani ndili nalo," anatero Towera osaima.

"Ndani wafunsa khadi? Ine ndikufuna kukuyamikira. Ndamva kuti wapeza bambo watsopano ku Uraha." Anayamba kuyenda pambali pake. "Amene abwera kudzagayitsa m'mawa uno nkhani ndi yomweyo. Akuti mlangizi wathu amadziwa tsiku lobzala, amadziwa tsiku lothira feteleza, koma khomo la apongozi linamusokonekera."

"Zikukukhudza pati?"

"Zikundimvetsa chisoni. A Harawa ndi munthu wolemekezeka. Awa a kumwera amabwera ndi sutikesi imodzi, amachoka ndi sutikesi imodzi. Kalata ya boma ikangofika, iwe udzatsala pa mlatho paja ukuwerenga zilembo zako zonga mapazi a nkhuku." Anagogoda buku ndi chala. "Ndipo zimene mumanong'onezana pakhonde paja, enafe sitimva. Tsiku lina akuluakulu adzafunsa kuti mumakambirana chiyani."

"Ubwere udzaphunzire, umve wekha."

Manase anaseka, koma maso ake sanaseke. "Ine chilankhulo chimene ndimadziwa ndi cha kuno. Ndipo ndimachidziwa bwino."

Anabwerera kuchigayo akuimba mluzu.

* * *

Pakhonde phunziro linali litayamba kale. Aphunzitsi awiri a pa pulayimale ndi kalaliki wa ku jeti, pokocheza sitima za pamadzi, anakhala pabenchi. Yotamu anali kumapeto, ndipo ataona Towera nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wabisa mphatso kumbuyo. Anasendera kuti amupatse malo. Towera anakakhala mbali ina.

Noriko anali wamfupi, wa tsitsi lomangidwa ndi kansalu, ndipo Chichewa chake chinkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka pa mtengo umodzi.

"Lero tikuphunzira kufunsa chifukwa, ndi kufotokoza," anatero. "Kwathu, mukaona chinthu chakudabwitsani, mumafunsa ndi mawu akuti n desu ka kumapeto. Ndiye kuti mukunena, ndaona china chake, ndiuzeni. Woyankha nayenso amamaliza ndi n desu. Ndiye kuti akutsegula chimene chili kumbuyo kwa nkhani." Analoza kalaliki uja. "A Gondwe mwachedwa. Doushite okureta n desu ka? Mwachedwa chifukwa chiyani?"

A Gondwe anakanda mutu. "Jitensha ga... kowareta n desu."

"Njinga inawonongeka. Bwino kwambiri. Koma sabata yatha inawonongekanso."

Onse anaseka. Noriko anawagawa awiriawiri kuti afunsane, ndipo posadziwa kanthu anaika Towera ndi Yotamu pamodzi, nawauza kuti ayambe ndi iwo anzawo akumva.

Towera anatsegula buku. Anafunafuna mawu, kenaka anadzutsa mutu.

"Doushite oji no uchi e itta n desu ka?"

Noriko anagwedeza mutu mokondwa. "Akufunsa kuti, munapita kunyumba kwa amalume chifukwa chiyani? Yankhani, a Yotamu."

Yotamu anamwetulira mpaka mano a kumapeto. Anaganiza kuti uthenga wabwino wafika, ndipo mtsikanayo akungomuyesa. Anakhala tsonga n'kuyankha momveka bwino, ngati mwana wa sukulu amene wakonzekera mayeso.

"Towera-san ga suki na n desu."

Mawu akuti suki, otanthauza kukonda, aliyense pabenchipo ankawadziwa. A Gondwe anaomba m'manja. Aphunzitsi aja anagundana zigongono, wina n'kunena kuti, "Aulula okha, sitinawakakamize." Noriko anatseka pakamwa ndi dzanja.

Towera anatseka buku. Anaimirira, n'kulipereka kwa Noriko ndi manja awiri.

"Adada akuti ndibweze. Zikomo pa zonse mwandiphunzitsa."

Kuseka kunazima. Noriko analandira bukulo, nayang'ana Towera, nayang'ana Yotamu.

* * *

Yotamu anamupeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi.

"Towera, chachitika n'chiyani? Amalume ako akana?"

"Munapita ku Uraha."

"Ndinapita. Amalume anga anatulukira Lolemba ndi basi, akuchokera ku maliro ku Rumphi, ndipo anali ndi masiku awiri okha. Ndinati mwayi uwu sudzapezekanso. Ndinafuna kuti udzamve zitatheka kale."

"Ndamva. Ndamva pamodzi ndi adada, mbale ili pamwendo."

"Ndiye bambo akwiya chifukwa chiyani? Sitinalumphe aliyense. Tinapita kwa mwini wake weniweni, tinagwada, tinanena zonse mwa dongosolo. Kwathu ukayamba ndi bambo wa mtsikana amakuseka, amati uyu sanaleredwe. Bambo amauzidwa ndi amalume."

"Kwanu."

"Inde, kwathu."

"Pano ndi pa Dowa?"

Yotamu anavula chipewa.

"Kuno mwana ndi wa bambo," anatero Towera, mawu akuwatsitsa kuti a pakhonde asamve. "Adada analowola amama ndi ng'ombe. Munthu akakafunsira kwa asibweni, ndiye kuti akunena kuti bamboyo sanalowole, ana si ake. Mwawavula adada pamaso pa Uraha yense. Pachigayo akukamba zomwezo."

Thukuta linayamba kuoneka pamphumi pa Yotamu. "Sindinadziwe."

"Zaka ziwiri muli kuno, a Yotamu. Mukudziwa mmene a ku Japan amaweramira popereka moni. Mukudziwa kuti kwawo nsapato amavulira pakhomo. Zonsezo munafunsa, munalemba m'kope. Koma mmene amalowera pakhomo la adada anga, mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera pa ofesi yanu, simunafunse munthu. Ngakhale ine."

"Ndinkaona ngati ukwati ndi umodzi kulikonse."

"Mwambi ndi wa kwanu womwe, si wathu. Safunsa anadya phula."

Yotamu anakhala pa mwala wochapira, chipewa chili m'manja.

"Ndipita pompano," anatero. "Ndikagwada pamaso pawo, ndikafotokoza ndekha."

"Mukatero ndiye mwamaliza zonse. Mkamwini salankhula yekha ndi apongozi. Mumatuma thenga."

"Thenga?"

"Munthu wamkulu wa konkuno, woyenda pakati pa mabanja awiri. Iye ndiye pakamwa panu. Amayamba wapepesa, kenaka n'kupempha." Towera anaganiza pang'ono. "Pitani kwa a Luhanga, mkulu wa mpingo uja wa ndevu zoyera. Adada sanawabwezepo mawu chibadwire. Akavomera a Luhanga, mwina khomo litseguka."

"Mawa ndikangoweruka ndipita."

"Bwanji lero?"

"Madzulo ano ndikuperekeza amalume ku basi, sadziwa njira. Komanso sindingapite kwa munthu wamkulu chimanjamanja, ndi malaya a thukuta awa. Ndalakwitsa kamodzi chifukwa cha liwiro, Towera. Ulendo uno ndichite mwaulemu."

Zinali zomveka, ndipo Towera sanapeze potsutsa. Komabe mtima wake sunakhazikike.

"Zimene ndinanena pakhonde paja," anatero Yotamu akuyang'ana chipewa chake, "sizinali za phunziro."

"Ndikudziwa. Chiganizo chinali cholondola. Khomo ndi limene linali lolakwika."

Anachoka yekha. Aka kanali koyamba kubwerera mpaka pa mlatho wa ngalande popanda phokoso la njinga pambali pake.

* * *

Anapeza a Kumwenda atabwerera kale ku Uraha. Mayi anali kupeta mpunga kuseri kwa khitchini, ndipo anangomulozera ndi mutu kukhola. Bambo anali kumeneko, akumanga mtengo umene ng'ombe inathyola. Dzuwa linali lisanalowe.

Towera anagwada chapatali n'kudikira. Bambo anamanga luzi, anakoka, anamanganso.

"Wabweza?"

"Ndabweza, adada."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

"Ndikupempha kulankhula."

Bambo anapitiriza kumanga. Towera anayamba.

"Kwawo kwa mnyamata uja, amene amalandira nkhani ya ukwati ndi mlongo wa mayi. Iye anachita zimene anaona abambo ake akuchita. Ankaganiza kuti akukulemekezani. Sanadziwe, adada."

"Ukuganiza kuti ine sindidziwa za Achewa? Ndinagwira nawo ntchito ku njanji zaka zisanu ndi chimodzi iwe usanabadwe." Anadula luzi ndi mpeni. "Ndikudziwa kuti sanabwere kudzanditukwana. Koma amene akuseka pachigayo sakufunsa zimenezo. Ndipo pali china. Munthu amene akufuna mwana wanga, osafunsa ngakhale mnzake wa kuntchito kuti kuno amatani, ameneyo mumtima mwake sanafike kuno. Thupi lili ku Hara, mutu uli ku Dowa. Tsiku lina adzanyamuka kutsata mutu wake."

"Wavomera kulakwa. Akufuna kutuma thenga."

"Wamuuza ndiwe."

"Eya. Koma wamva."

A Harawa anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba chichokereni masana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inafewa pang'ono, monga inkachitira kale Towera ali wamng'ono akadwala malungo.

"Ukumufuna ndithu?"

Towera anayang'ana pansi. "Eya, adada."

"Ine sindithamangitsa thenga pakhomo panga. Amene wabwera mwa mwambo ndimamuyalira mphasa, ndimamumvera mpaka amalize. Sindinalonjeze kanthu, wamva? Ndangoti ndimamvera." Anatola mtengo wina. "Pita ukathandize amako."

Towera ananyamuka miyendo ili yopepuka. Mayi anamuona nkhope. Anangomupatsa lichero.

* * *

M'mawa mwake Towera anali kusesa pabwalo pamene anamva "Odi" kumpanda. Anadzutsa mutu, tsache lili m'manja.

Anali a Luhanga. Anavala jekete lawo lakuda la ku tchalitchi ngakhale linali Lachinayi, ndodo ili kudzanja. Sanalowe mpaka pakhonde monga ankachitira masiku onse. Anaima kumalire kwa bwalo, navula chipewa, nadikira kuti awalandire. Mwana aliyense wa ku Hara ankadziwa kuti munthu akaima choncho ndiye kuti watumidwa.

Mtima wa Towera unadumpha. Ndiye kuti Yotamu sanadikire. Anaperekeza amalume ake n'kupita dzulo lomwelo, ndi malaya a thukuta omwewo. Anathamangira m'nyumba kukatenga mphasa yatsopano, naiyala pansi pa mango, ndipo anachita kudziluma mlomo kuti kumwetulira kusaoneke. Kenaka anakabisala kuseri kwa khitchini pamodzi ndi mayi, pomwe mawu a pabwalo ankafika bwinobwino.

Amuna awiriwo anapatsana moni wautali. Anafunsana za m'nyumba, za ng'ombe, za madzi a m'ngalande amene anachepa sabata imeneyo. Kenaka a Luhanga anakhosomola.

"A Harawa, miyendo iyi ndi yanga koma mawu si anga. Dzulo madzulo kwanga kunabwera anthu. Akuti amva kuti pakhomo pano panadutsa mphepo yoipa, ndipo zawapweteka kuti munthu wa ulemu wanu asekedwe ndi alendo. Akuti iwo khomo amalidziwa. Aona duwa pabwalo lanu, ndipo andituma kwa mwini wake."

"Ndani wakutumani?"

"A tcheyamani, m'malo mwa mwana wawo Manase."

Tsache linagwa m'manja mwa Towera. Mayi anamugwira pamkono, namufinya.

Towera anadikira kuti bambo ake anene kuti pali wina amene akubwera, kuti nkhaniyi iyambe yaima. Koma a Harawa anali munthu wosunga mawu ake, ndipo amene anakhala pamphasayo anabwera mwa mwambo, wotumidwa ndi nyumba imene anthu a ku Hara sankaiyankha mothamanga.

"Ndamva, a Luhanga," anatero. "Pitirizani, ndikumvetsera."

Kenaka anakweza mawu pang'ono, kulunjika kukhitchini.

"Towera, tereka tiyi. Alendo akhalitsa."